Funsani Malume: Pa Lizulu, pamene msewu uli malire

Makalata anayi a mwezi uno onse akuloza kwathu, pamtunda wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Ena anafika kale, ndinkawasunga dala kuti ndidzawayankhire pamodzi. Amene munalemba za nkhani zina mundipirire, tikumana mwezi wamawa.

Malume,
Ine ndimagwira ntchito ku Lilongwe koma makolo ali ku Chirimba, ndiye msewu wa M1 ndimauyenda pafupifupi mwezi uliwonse. Ulendo wathawu minibasi yathu itaima pa Lizulu, ndinawoloka msewu kukagula ndowa ya mbatatesi. Pobwerera kondakitala anati, "Asisi, mwapita ku Mozambique popanda pasipoti." Anthu anaseka, ine ndinkangoti akucheza. Koma ndakumbuka kuti mayi amene anandigulitsa uja anali ndi ndalama za mitundu iwiri pamfundo ya chitenje chake. Kodi ndi zoona? Nanga zinatheka bwanji kuti malire a mayiko adutse pamsika?
Mwana wanu, Area 25

Mwanangu, kondakitala uja sanakunamize. Mchombo wanga unagwera m'mudzi wina kufupi ndi phiri la Mlanda, mtunda woyenda wapansi kuchokera pamsika ukunenawo, ndiye malowa ndinawaphunzira ndi mapazi.

Ukamachokera ku Lilongwe, ukangopitirira Dedza, msewu umayamba kuyenda mokhulana ndi malire, ndipo umatero mpaka cha ku Biriwiri, kuyandikira Ntcheu boma. M'malo ambiri a chigawo chimenechi dzanja lako lamanzere ndi Malawi, lamanja ndi Mozambique, dera la Angonia m'chigawo cha Tete. Tisanene kuti mzere woyera wa pakati pa tala ndiwo malire enieni. Pena malirewo amapatukako pang'ono, kukadutsa kuseri kwa nyumba kapena pakati pa munda wa munthu, pena amabwerera kudzakhudza msewu. Amene amasonyeza bwino ndi mabikoni, zipilala zija zoimikidwa ndi maboma awiriwa. Koma pa Lizulu ukawoloka kupita kuzambwe, mapazi owerengeka okha wayamba kuponda dothi la eni, ndipo ndalama yachiwiri imene unaiona pachitenje ija ndi metikali.

Funso lako lachiwiri yankho lake lili m'madzi a mvula. Tili anyamata, tikuweta ng'ombe za agogo, mvula ikatipeza pamtunda paja tinkabisala pansi pa msuku n'kumaonerera madzi akuyamba kuyenda. Tinkatola zitsononkho ziwiri, china kuponya m'kamfuleni ka kuno, china ka uko, timifuleni totalikirana ngati pakhomo ndi pankhokwe. Chitsononkho china chinkathamangira kum'mawa, chinzake kumadzulo. Ife tinkangoti masewera. Ndinadzamva ndili wamkulu kuti madzi a kum'mawawo amatsetsereka kukalowa mu Livulezi, Livulezi n'kukawatula m'nyanja ya Malawi, pamene a kumadzulo amagwera m'mitsinje ya Angonia imene imathira mu Revubwe, mtsinje umene umakumana ndi Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Lizulu wakhala pamsana penipeni pa mtunda wogawa madzi.

Msana umenewu ndi umene azungu anautenga kukhala malire. Mu 1889 asilikali a Mpwitikizi wina, Serpa Pinto, anaombana ndi Amakololo kuchigwa cha Shire, ndipo mu Januwale 1890 boma la Britain linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake m'derali. Mkanganowo unathera papepala. Pa 11 Juni 1891, mumzinda wa Lisbon, mayiko awiriwa anasainirana pangano, ndipo za chigawo chathu analemba kuti malire atsate mtunda wolekanitsa madzi opita ku Zambezi ndi madzi opita ku Shire ndi kunyanja. Kwa munthu wokhala ndi mapu patebulo, njira imeneyi inali yapafupi: safunika kudziwa mudzi, safunika kudziwa manda a anthu, amangofunsa kumene madzi alowera. Eni dziko sanafunsidwe. Munda wa munthu mmodzi unagona m'mayiko awiri mwini wake asakudziwa.

Msewu unabwera pambuyo, nawonso unakonda msana womwewo pa chifukwa chake. Pamsana sipadutsa mtsinje waukulu, mitsinje imangoyambira pamenepo. Wolambula msewu akatsata msana sasowa kumanga milatho yambiri, ndipo nthawi ya dzinja matope samuvuta ngati kudambo. Choncho wolemba malire ndi wolambula msewu anapezana njira imodzi, ngakhale aliyense ankafuna zake.

Tsono msikawo unakula chifukwa cha kuzizira. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, ife tili pamwamba pake ndi mamita 1,000 kapena kuposerapo. Ukafuna kuumva mtunda umenewu m'makutu, tsika ndi msewu wa Khwekhwerere kuchokera pa Masasa kupita ku Golomoti: umanyamuka utavala juzi, pofika kunsi thukuta lili kamukamu. Mwezi wa Juni ndi Julaye kwathu chifunga chimagona pamsewu mpaka dzuwa litakwera, ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa, milomo itang'ambika. Kuzizira kumeneku ndi kumene kachewere amafuna, pamodzi ndi kabichi, karoti, nsawawa, anyezi ndi mapichesi. Dothi ndi nyengo n'zimodzi mbali zonse ziwiri. Koma mlimi wa ku Angonia, kuti akafike mumzinda wa Tete, pali makilomita oposa 200, pamene M1, msewu wolumikiza Lilongwe ndi Blantyre, ukudutsa kumapeto kwa dimba lake. Ndani angasiye msika wa pakhomo? N'chifukwa chake tsiku la msika, kusanache, umamva ngolo zikulira kuchokera kumadzulo, ng'ombe zikutulutsa nthunzi m'mphuno, matumba osokerera pamwamba ali mbwee. Mbatatesi zambiri zimene mumakazinga tchipisi ku Area 25 zinakumbidwa tsidya linalo.

Ulendo wina ukadzaima, usadzangogulira pawindo. Tsika, upereke moni, umufunse mayiyo kuti kwawo n'kuti. Ndipo pogula umuuze akhuthulire m'thumba uli kuona, kuti uone za pansi pa ndowa, kenaka upemphe basela. Sakwiya nazo, ndi mwambo wa pamsika.

Malume,
Ndili Fomu 3. Pa ndalama ya K50 pali chithunzi cha Inkosi ya Makhosi Gomani II. Aphunzitsi anangotiuza kuti anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mnzanga wa ku Ntcheu akuti kwawo kwa mfumuyi ndi pa Lizulu pamene timagula tomato paja. Zoona mfumu yaikulu chonchi ingakhale pamalo aang'ono ngati amene aja?
Mdzukulu wanu, Zomba

Mnzakoyo akunena zoona, mdzukulu wanga, ndipo mawu ako akuti malo aang'ono andikhudza, chifukwa ndi mmene ambiri amapaonera. Maso amathera pa milu ya tomato. Lizulu ndi likulu la Angoni a kwa Maseko, ndipo ufumu wa Gomani, umene lero uli m'manja mwa Gomani V, mpando wake uli pamenepo. Dzina lenilenilo si la Chichewa. M'chinenero cha Azulu, izulu ndi kumwamba, thambo, ndipo ukaima pamtunda paja m'mawa mitambo ili kunsi kwako m'chigwa cha Livulezi, dzinalo umalimva kukoma kwake.

Angoni a kwa Maseko anachokera kummwera kwa Africa, dera limene lero ndi Eswatini, pothawa nkhondo za m'nthawi ya Shaka. Anawoloka Zambezi, anayenda mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, kumene mfumu yawo Mputa inafera, ndipo Chidyaonga ndi amene anawabweza mpaka kudzakhazikika kuphiri la Domwe cha m'ma 1870. Tsono imva ichi: phiri la Domwe lili ku Mozambique. Pamene Chikuse, mfumu yawo yotsatira, ankalamulira, dziko lake linali mbali zonse za msana uja, ndipo anthu amene anawapeza, Achewa ndi Antumba, anasakanikirana nawo mpaka Chingoni chinamira m'Chichewa. Chinatsala ndi mifunda, nyimbo za ngoma, zishango ndi mawu olonjera mfumu akuti Bayethe. Chikuse anamwalira mu 1891, chaka chomwecho chimene azungu ankadula dziko lake pakati ku Lisbon.

Mwana wake, Gomani woyamba, analowa ufumu pa nthawi yovuta. Kunali nkhondo ya pachibale ndi a kwa Kachindamoto, amene anakakhazikika ku Mtakataka, ndipo Angerezi anali atayamba kufuna msonkho ndi anthu a ntchito. Gomani sanagonje. Mu Okutobala 1896 asilikali a boma la atsamunda anamugwira n'kumuwombera. Akuluakulu kwathu amasimba kuti anakana kuyendetsedwa wapansi ali womangidwa ngati kapolo, anakhala pansi, ndipo anamuphera panjira pomwepo. Manda ake ali kufupi ndi Ntcheu boma, ndipo Angoni a kwa Maseko amasonkhana ku Nkolimbo chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano. Amabwera ndi a tsidya lija omwe, atavala nthenga zomwezo, akuimba nyimbo zomwezo.

Amene ali pa K50 ndi mwana wa mfumu yophedwayo, Philip Zitonga Maseko, Gomani II. Bambo ake akuphedwa iye anali kamwana. Mu 1953, atsamunda akukakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mfumuyi, itakalamba kale ndiponso ikudwala, inauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a malimidwe posonyeza kukana kwawo. Uyenera kudziwa kuti malamulo a malimidwe ankawawa: munthu ankalipitsidwa kapena kumangidwa chifukwa cha mizere ya m'munda mwake. Boma linamuchotsa paudindo n'kutumiza apolisi kuti akamutenge pa Lizulu. Anthu anatchinga, panabuka chipwirikiti, ndipo mfumu inazembetsedwa kuwolokera ku dziko la Apwitikizi pamodzi ndi m'busa wa Anglican, Michael Scott, amene anabwera kudzaima nayo. Agogo anga aamuna analipo tsikulo. Pofotokoza sankati mfumu inathawira kunja, ankati inapita kuseri kwa mudzi, chifukwa kwa iwo kumene kuja kunali kumadimba, kumene ankakamwa mowa Loweruka. Apwitikizi anaibweza m'manja mwa Angerezi, Scott anapitikitsidwa m'dziko muno, ndipo Gomani II anamwalira mu 1954 asanaone ufulu wa mu 1964.

Ukadzagwiranso K50, ngakhale lero sigula kanthu kooneka, udzaiyang'ane nkhopeyo kawiri. Ndipo uwapemphe aphunzitsi ako kuti nkhani ya 1896 asamaidumphe, chifukwa munthu sungamvetse kuuma mtima kwa mwana usanamve mmene bambo ake anafera.

Malume,
Poti pa Lizulu anthu amangowoloka, kodi ine ndingakwere njinga yamoto mpaka ku Ulongwe wa ku Mozambique kukapikula katundu popanda mapepala?
Wabizinesi, Balaka

Ayi, achimwene, musayerekeze. Kuwoloka msewu kukagula kabichi kapena kukakhuza maliro m'mudzi woyandikana ndi chinthu china, anthu a m'malire amadziwana nkhope ndipo akhala akutero chikhalire. Ulongwe ndi boma, likulu la Angonia, kumene kale kunkatchedwa Vila Coutinho, ndipo kuli apolisi ndi malamulo a dziko la eni. Malirewa anawalemba ndi atsamunda, inde, koma atsogoleri a Africa atakumana ku Cairo mu 1964 anagwirizana kuti malire amene anawapeza awalemekeze, ndiye ndi malamulo athu tsopano. Dzerani pachipata cha Dedza kapena cha Biriwiri, muonetse ziphaso, katundu wanu mumulembetse. Njira zachidule zathera anthu mpamba wonse.

Malume,
Agogo anga aakazi anabadwira ku Domwe, anabwera kuno ali mtsikana ndipo anafera ku Ntcheu. Pamaliro a malume athu mwezi wathawu panabuka mkangano wa munda, msuweni wina n'kundiuza pagulu kuti, "Inu khalani chete, ndinu obwera a ku Mozambique." Ana anga anamva. Ine ndinabadwira kuno, mayi anga anabadwira kuno. Mawu amenewa akundisowetsa tulo. Kodi ndife alendo?
Bambo wodandaula, Kasungu

Pepani bambo, pepani ndithu, poyamba chifukwa cha maliro, kachiwiri chifukwa cha mawu amenewo. Kalata yanu ndaiwerenga katatu ndipo mtima wanga unawawa ngati anena ine. Simuli alendo. Ngati kubadwira ku Domwe kuli kubwera, ndiye kuti a msuweni anuwo ayambe athamangitsa ufumu wonse wa kwa Maseko, pakuti nawonso unatsikira kuno kuchokera kuphiri lomwelo. Nkhani ya munda ipite kwa mwini mbumba ndi kwa anyakwawa, akaiunike potsata bere ndi amene anaulima, monga timachitira. Kumene agogo anabadwira anakutchula pofuna kukutsekani pakamwa basi.

M'midzi ya m'malire muno mabanja ambiri ali ndi mwendo tsidya lina. Nthawi ya Apwitikizi anthu ankathawira kuno poopa chibalo, ntchito yokakamiza ija, ndi mbalamatodya, chithabwa chobowolabowola chimene ankamenyera anthu m'manja mpaka kutupa. Msonkho ukavuta kuno, ena ankakabisala uko. Ukwati, chinamwali, maliro, zonse zinkayenda mowoloka. Chinenero ndi chimodzi, kungoti iwo kusukulu amachitcha Chinyanja ndipo amaphunzira m'Chipwitikizi.

Koma ndikufuna ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga, kuti mukawauze ana anuwo. Mozambique italandira ufulu mu 1975, sipanapite nthawi nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo inayamba, ndipo cha mu 1986 inafika pakhomo pathu. Ine ndinali mphunzitsi wachinyamata, ndikukhalabe kwa mayi anga. Usiku tinkamva mfuti kumadzulo, kukacha tinkaona utsi. Sitolo za tsidya la msewu zinatenthedwa, zipupa zake zinakhala zaka zambiri zili pululu, zipolopolo zitaboola. Amene munayenda pa M1 m'zaka zimenezo mukukumbuka mabwinja aja.

Usiku wina wachisanu tinamva "Odi" wa mawu otsika pakhomo. Mayi anatsegula atanyamula koloboyi. Panja panali mzimayi, mwana kumsana, ena awiri atagwira chitenje chake, pamutu mphika umodzi ndi kamtolo ka zovala. Mapazi a anawo anali atang'ambika ndi zitsotso za chimanga. Mayi anga sanafunse kuti mwachokera dziko liti. Anafunsa funso limene amafunsa munthu aliyense wachilendo: "Ndinu ana a yani?" Mzimayiyo anatchula mfunda wake, anatchula mudzi, anatchula agogo ake. Mayi anaika koloboyi pansi n'kuyamba kulira, chifukwa agogo amene anatchulidwawo anali a bere limodzi ndi agogo awo. Anali asanaonanepo. Usiku womwewo tinasesa khitchini, tinayala mphasa, mayi anasonkha moto n'kuphika phala. Mwamuna wake sanafike, ndipo sanadzafikenso.

Anakhala nafe zaka zisanu ndi ziwiri. Dziko lonse la Malawi linasunga anthu othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, pamene kalembera wa 1987 anapeza kuti eni dziko tinalipo pafupifupi 8 miliyoni. Kumadera ena anawamangira misasa, koma kwathu ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri anangolowa m'midzi, pakati pa abale. Sindikunamizani kuti zonse zinali zokoma. Mitengo ya m'mapiri inatha ndi nkhuni ndi milimo, pachitsime pankakhala mzere kuyambira mbandakucha, ndipo pankamveka madandaulo poona alendo akulandira ufa, nyemba ndi mafuta pamene eni mudzi nkhokwe zili gwa. Mawu akuti obwera ndinayamba kuwamva nthawi imeneyo, ndipo ndinkadana nawo kuyambira pomwepo. Kalasi langa la Sitandade 2 linasefukira mpaka tinatulukira pansi pa mtengo. Mwana wamkulu wa mayi uja ndinkamuphunzitsa ndekha. Ndikati awerenge miyala ankayamba "um, dois, três", anzake n'kuseka, iye n'kuweramitsa mutu. Ndinamuuza kuti aphunzitse kalasi lonse kuwerenga kwakeko mpaka khumi, ndipo kuyambira tsiku limenelo kuseka kunatha.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu sanathamangire kubwerera. Ankayamba apita amuna kukaona ngati kuli bata, poopanso mabomba okwirira amene anatsala m'njira ndi m'minda. Mayi uja anabwerera mu 1993, anakapeza nyumba itagwa, munda utamera tchire lofika m'khosi. Tinapita anthu asanu ndi makasu ndi zikwanje kukamuthandiza kuswa mphanje, ulendo wosakwana maola awiri wapansi, ndipo mbewu ya kachewere yoyamba anatenga m'nkhokwe ya mayi anga.

Kuyambira chaka chotsatira, akakumba mbatatesi, dengu loyamba linkabwera kwathu, atalisenza yekha. Mayi anga atamwalira anagona pasiwa masiku onse, ndipo tsiku lometa anakhala pamphasa ya abale. Mwana amene anafika ali kumsana uja lero ndi mayi wa ana anayi, ali ndi dimba lake kuseri kwa mabikoni ndipo amagulitsa kabichi pa Lizulu. Ndikatsika basi amasiya makasitomala, kuwoloka msewu kudzandilandira chikwama, akuitana ana ake kuti bwerani mudzapereke moni kwa agogo.